Odi Wosayankhidwa wa ku Lirangwe

Pilirani ndi iwe Mwaiwawo, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene munthu amene anagwira ntchito ya mabuku zaka zambiri alibe shelefu m'nyumba mwake, koma Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Pakamwa ndalephera kukuyankhani, paja mukudziwa kuti pakamwa panga sipanakhalepo pa ntchito kwenikweni. Ndiye ndalemba. Za ubwana wanga ndizidumpha, munazimva kwa amalume anu ndipo anathirapo mchere wokwanira. Chokha choti mudziwe n'chakuti ndinali mtsikana wamanyazi, woti aphunzitsi akanditchula dzina ndinkayang'ana zala za kumapazi, ndipo zonse zimene ndinkalephera kunena m'kalasi ndinkazilemba m'kope langa la tsiku ndi tsiku ndikafika kunyumba. Chizolowezicho sindinachisiye. Zimene mukuwerengazi ndazitola m'makope amenewo, ndipo pamene chiswe chinadya ndadzazapo ndi zimene mtima unasunga.

1986 mpaka 2003, Chileka

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa sekondale ina kuno ku Chileka, m'dera la Kuntaja. Ndinkataipa mayeso ndi makalata opita kwa makolo, ndipo ndege ikamatera magalasi a ofesi ankanjenjemera, moti ndinazolowera kuimitsa zala mpaka idutse. Ahedi anali a Kamwendo, bambo woyankhula nawe maso ali pa wotchi. Ankanditcha kamtsikana ka taipi, ndipo dzinali silinasinthe ngakhale nditakwatiwa n'kubereka iwe Pilirani. Chilichonse chinkaperewera. Riboni ya makina ndinkaitembenuza mpaka zilembo zinkatuluka ngati mapazi a nyerere pamchenga, ndipo ana akalephera kuwerenga funso wolakwa ndinali ine. Sindinayankhepo. Ndinkakalemba m'kope langa kuti lero a Kamwendo andinyoza pamaso pa aphunzitsi, kenaka m'munsi mwake ndinkalemba zimene ndikanawayankha ndikanakhala munthu wina.

Chaka china kunabwera makatoni a mabuku ochokera kwa anthu akufuna kwabwino a kunja. Anawaponya m'chipinda chosungiramo makasu ndi zikwanje, ndipo mvula itagwa anayamba kununkha nkhungu. Zinandipweteka. Ndinapempha matabwa otsala kwa kalipentala, n'kuwasanja pa njerwa, n'kumapukuta mabukuwo limodzilimodzi pa nthawi ya nkhomaliro. Palibe amene anandituma ndipo palibe amene anandithokoza, koma alendo a zamaphunziro atabwera a Kamwendo anawalowetsa m'chipindamo n'kuwauza kuti iyi ndi laibulale imene akhazikitsa. Umo ndi momwe ndinakhalira wosamalira mabuku. Chovuta chinali chakuti mabukuwo anali a Chingerezi okhaokha, onena za ana osewera m'chisanu choyera ndi agalu ogona pabedi. Ana athu ankalowa, kutsegula, kuyang'ana zithunzi, kutseka, n'kufunsa ngati muli mapepala a mayeso a chaka chatha. Zaka zonsezo sindinaonepo mwana ataiwala njala chifukwa cha buku.

2004, Lirangwe

Bambo anu atamwalira ndinapempha kuti andisamutsire ku Lirangwe, kufupi ndi achemwali anga. Mukukumbukira kutentha kwake, fumbi la malole opita ku Zalewa, ndi masau amene munkadya mpaka mano kuchita dzanzi. Kumeneko ndinapeza chimene sindinachiyembekezere: chipinda chenicheni cha mabuku, chokhala ndi loko ndi zenera loyang'ana mtengo wa mlambe. Ahedi a kumeneko, a Mphepo, anandipatsa kiyi n'kunena kuti ndichite nacho chimene ndikufuna, bola ndisawapemphe kanthu. Sindinawapemphe. Ndinkasungunula makandulo n'kusakaniza ndi palafini, kupukutira pansi mpaka simenti inkawala. Makatani ndinasoka ndi chitenje changa chakale. Mipando inali yothyoka, ndiye ndinayala mikeka. Kunena zoona, ana anga, chipinda chimenecho ndinachikonda kuposa nyumba imene tinkagonamo, ndipo nkhani imene ndikufuna kukuuzani ndi ya momwe ndinachitayira.

Pa sukulupo panali mphunzitsi wa masamu, a Twaibu, wa m'banja lachisilamu la ochita malonda limene linali ndi golosale pamsewu. Anali wamfupi, wanthabwala, woti ngakhale akukuuza za maliro umadikira kuti mwina pali poseketsa. Ndiwo ananditcha Anabuku, ngati kuti buku ndi mfunda wa kwathu. Ankati mabuku angawo ndimawafungatira ngati nkhuku, koma palibe limene laswa. Anali ndi chizolowezi chimodzi chimene chinkandichititsa manyazi. Ankaima pakhomo pa laibulale n'kunena odi mokweza ngakhale chitseko chili chotsegula, ine ndikuwaona iwo akundiona, ndipo sankalowa mpaka nditayankha momveka. Ndikayankha motsitsa ankabwereza, n'kufunsa ana odutsa ngati Anabuku amwalira. Ankati akundiphunzitsa kuti ndili ndi mawu. Pa aphunzitsi onse ndi iwo okha amene ankakhala pansi n'kundifunsa zimene ndikuganiza, ndipo ankadikira mpaka ndiyankhe.

2011

Tsiku lina anabwera ndi makope a masamu atawamanga ndi mphira, olembedwa mbali zonse, napempha kuti ndiwataipire pa kompyuta ya sukulu magetsi akakhalapo. Anati ndi nthano yaitali yoopsa imene akhala akulemba mobisa, dzina lake Usayankhe, ndipo anandichenjeza kuti ndizikhala pafupi ndi chimbudzi. Ndinayamba monga ntchito chabe. Pofika tsamba lachitatu ndinali nditasiya kutaipa, ndikungowerenga.

Nkhani yake inali iyi. Mvula yagwa masiku ambiri, mtsinje wakokolola mlatho, ndipo anthu ochepa atsekeredwa m'chigayo: mwini chigayo, mayi wapakati, mkulu wa mpingo, bambo wogulitsa makala ndi ana awiri. Kunja kuli zinthu zimene bukulo silizitchula dzina. Sizithyola chitseko, sizilowa pazenera. Zimangoima pakhomo n'kunena odi, ndi mawu a munthu amene umamukonda, kaya amayi ako, kaya mwamuna wako, kaya mwana wako. Ukayankha kuti lowani, kapena ee chabe, watha. Anzako amangoona nsapato zako pamalo pamene unakhala. Kuti upulumuke uyenera kukhala chete pamene amayi ako akulira pakhomo kuti akumva kuzizira.

Apa ndi pamene panali mphamvu ya bukulo. A Twaibu sanabwereke chilombo kwa wina aliyense. Anatenga chinthu chimene tonse tinaphunzitsidwa tisanadziwe kumanga nsalu, choti odi amayankhidwa, n'kuchisandutsa msampha. Munthu wa kuno akamva odi, pakamwa pamayankha mutu usanaganize. Tsiku limene ndinkataipa mutu umene mkulu wa mpingo akudziluma lilime mpaka magazi kuti asayankhe mkazi wake, mlonda wa sukulu anati odi pakhomo pa laibulale, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndinapezeka ndagwira pakamwa ndi manja awiri. Njala nayo anailemba ngati munthu woidziwa. Anthu aja ankasesa gaga pansi pa makina, kumwa madzi a m'dilamu oziziritsira injini, n'kumakangana za amene watapa kwambiri. Ankayankhula ngati anthu a pamsika wa Lirangwe, osati ngati a m'buku la mayeso. Ndipo chinthu cha pakhomo chija sanachionetse nkhope mpaka kumapeto, moti wowerenga aliyense ankaikapo nkhope ya wakwawo. Ine ndinaikapo ya bambo anu.

Koma popeza ndinalitaipa mzere ndi mzere, zofooka zake ndinazionanso. Chapakati nkhani inkangozungulira ngati mbuzi yomangirira pachikhomo: odi, wina wayankha, watha, odi, wina wayankha. Mayi wapakati uja sankachita kanthu kupatula kulira ndi kugwira mimba, ngati kuti a Twaibu sanaonepo mayi wa m'midzi ya ku Chigaru, kufupi ndi Lirangwe, atasenza thumba la chimanga, mwana kumbuyo wina m'mimba. Mathero ndiye anali ofooka koposa. Kunatera helikopita ya asilikali kuchokera ku Chileka, ndipo dokotala wina anafotokoza masamba angapo kuti zonsezo zinali mpweya woipa wotuluka pansi pa nthaka. Mantha onse amene anawasonkhanitsa mosamala anaphwa ngati tayala lobooka. Zimenezi ndinazilemba pakapepala, poti pakamwa sindikanatha, ndipo iwo anaseka n'kuvomera zina. Za mayi wapakati anakonza pang'ono. Za helikopita anakana, anati anyamata amafuna mfuti.

Chachikulu chimene chinkandisowetsa mtendere ndinalimba mtima n'kuchinena pakamwa. M'buku lonselo munalibe odi woona ngakhale mmodzi. Aliyense woima pakhomo anali chinthu chija. Oyankha anali opusa, okhala chete anali anzeru, ndipo okhala chetewo sanalakwitsepo. Ndinawapempha kuti aikemo mutu umodzi wokha wonena za munthu weniweni, wonyowa, wodwala, amene wafika n'kunena odi, a m'chigayomo n'kumukana, n'kudzamupeza pakhomopo mvula itakata. Ndinati pamenepo mpamene bukulo lingaopse kwenikweni, chifukwa wowerenga sadzadziwanso choyenera kuchita.

"Anabuku, mwayamba ulaliki," anatero. "Buku loopsa si Sande sukulu. Lamulo liyenera kukhala limodzi, ngati samu. Ukayankha wafa. Ndikaikamo munthu weniweni ndasokoneza samu yonse."

"Moyo si samu, aphunzitsi."

"Ndiye lembani lanu la moyo. Langali ndi la samu."

Anaseka, nanenso ndinaseka, ndipo ndinataipa monga anafunira. Linali buku lawo.

2012

Analisindikiza okha ku Limbe, mabuku ochepa a chikuto chakuda chokhala ndi chithunzi cha chitseko. A Mphepo anaimika a Twaibu pa asembule, anawagwira dzanja, anajambulitsa nawo, n'kunena kuti sukulu yathu yabala mlembi. Anandilamula pamaso pa onse kuti ndiike mabukuwo pa shelefu ya kutsogolo. Ndikulemba zimenezi mwadala, chifukwa pambuyo pake iwo anaziiwala.

Zimene zinatsatira ndi zokoma koposa zonse zimene ndinaziona pa ntchito. Ana amene sankaponda mulaibulale anayamba kundidikira pakhomo m'mawa. Buku limodzi ankaliwerenga gulu pansi pa mlambe, wina akuwerenga mokweza, ena atagwirana mikono. Anyamata a Fomu 4, amene ankati Chichewa ndi phunziro la agogo, ankandinyengerera ndi masau kuti ndiwasungire. Masamba anathothoka, ndinkamata ndi selotepi, selotepi itatha ndinkasoka ndi singano. Akamaliza ankafunsa ngati pali lina, ndipo ena anayamba kubwereka ngakhale a Chingerezi onga aja a chisanu choyera. A Twaibu anaima pakhomo tsiku lina n'kunena kuti Anabuku, dzira laswa. Mtsikana wina wa Fomu 2, Dolofe, wamanyazi monga ndinalili ine, analiwerenga kangapo, ndipo anandinong'oneza kuti nayenso wayamba kulemba nthano yake. Kunabadwanso masewera. Ana ankaima pa zitseko za makalasi n'kusintha mawu, odi, ndipo woyankha ankamuseka kuti wafa, atisiyire nsapato. Aphunzitsi ankaseka nawo.

2013

Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa yosalekeza, ndipo m'midzi munkayenda mphekesera zija zimene zimabwera ndi kupita kwathu kuno, za anthu oyenda m'makomo ndi zolinga zoipa. Makolo a Dolofe anapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje n'kumusiya ndi azing'ono ake, atamuuza kuti atseke chitseko. Masana amenewo agogo ake aamuna, a Jailosi, mkulu wa mpingo wa kumudzi kwina ku Chigaru, amene aliyense ankadziwa kuti ali chigonere ndi chifuwa, anadzuka n'kuyenda wapansi kuti mwana wawo wamwamuna, bambo ake a Dolofe, akawaperekeze kuchipatala. Anafika atanyowa, nati odi. Dolofe anawamva mawuwo, anawazindikira, ndipo n'chifukwa chake sanayankhe. Agogo oti sangadzuke pamphasa afika bwanji kuno mvula ili chonchi? Anagwira azing'ono ake pakamwa. Mkuluyo anaitana, anamutchula dzina, kenaka anakhala pakhonde pamene mvula inkawomba, poti munthu wa m'badwo wawo sakankha chitseko cha kwa mpongozi asanayankhidwe. Makolo anawapeza pomwepo chakumadzulo. Anamwalirira m'chipatala patapita masiku. A kuchipatala anati chifuwacho chinali chitafika kale patali, abale anati ndi mvula ija. Ine sindidziwa ndipo sindidzadziwa.

Maliro atatha Dolofe anabwera kudzabweza bukulo, atalikulunga mujumbo kuti lisanyowe. Analiika pa tebulo langa. Kenaka anafunsa motsitsa kwambiri, "Madamu, ndiye kuti ndawapha ndine?" Ndinamugwira manja, anali ozizira. Ndinamuuza kuti ayi, koma ndinaona kuti mawu angawo sanafike paliponse.

Nkhani inakula. A mpingo wa a Jailosi anati bukulo ndi la satana. Ena anatulutsa chimene chinali pansi pa mtima, kuti Msilamu walemba buku lophera mkulu wa mpingo, poti m'bukumo mkulu wa mpingo amafanso. Anthu amene akhala akugula sopo ndi shuga pa golosale ya kwa a Twaibu kuyambira kale anayamba kudutsa tsidya lina la msewu. Komiti ya makolo inaitanitsa msonkhano.

Dzulo lake a Mphepo anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Anati nkhaniyi ndi yosavuta. Mawa akandifunsa ndinene kuti bukulo linalowa mulaibulale iwo osadziwa, kuti a Twaibu anachita kundikakamiza, ndiponso kuti ine monga katswiri wa mabuku ndaona kuti ndi lopanda phindu. Ndikatero mabukuwo awotchedwa, a Twaibu asamutsidwa, mitima ya anthu izizira, ndipo laibulale ikhala yanga monga kale. Ndikapanda kutero, komiti ikufuna chipindacho chitsekedwe, ndipo iwo sanyowa ndi mvula ya mwini. Kanali koyamba m'moyo wanga kutchedwa katswiri.

Ndikutuluka ndinakumana ndi a Twaibu kuseri kwa makalasi. Sanaseke. Anati, "Anabuku, mawa mungonena kuti buku ndi labwino, basi. Zina zija muzisiye." Ndinadziwa kuti ankanena za mutu uja ndinawapempha. Kunyumba achemwali anga, akusenda nyemba, anandiuza kuti ndine mayi wamasiye wa ana awiri, ndipo bodza limodzi silinaphepo munthu. Anati moyo wanga wonse ndakhala chete pa zinthu zoyenera kuyankhula, ndiye ndisayambe kuyankhula lero pa chinthu choyenera kukhala chete. Sindinawatsutse. Ankanena chifukwa cha inu.

Msonkhano unachitikira pansi pa mlambe, moyang'anana ndi zenera langa. Panali makolo, a mpingo, a kumzikiti ochepa atakhala mbali yawo, ndi Dolofe atakhala pansi pafupi ndi amayi ake, mutu uli pakati pa mawondo. Wapampando wa komiti, bambo wina wogulitsa mbuzi, anandiimika nati, "Inu amayi a mabuku, tipatseni liwu limodzi. Bukuli ndi labwino kapena loipa?"

Ndikanati loipa, ndikanasunga chipinda changa ndi bodza, ndipo ana onse amene ankasuzumira m'mawindo a makalasi akanaphunzira kuti chimene anachikonda chinali chonyansa. Ndikanati labwino basi, mlandu wonse ukanatsala pamutu pa kamtsikana kaja, kuti buku lilibe vuto koma iye ndiye wopusa. Ndinati liwu limodzi ndilibe. Ndinanena kuti ahedi analilandira bukulo pa asembule ndipo aliyense anaona. Ndinanena kuti pa zaka zanga zonse za ntchito sindinaonepo buku lodzutsa ana athu ngati limenelo, kuti mulibe satana, mulibe chipongwe kwa mpingo uliwonse, muli luso. Anthu anang'ung'udza. Kenaka ndinati lili ndi dzenje limodzi lalikulu, ndipo Dolofe anagweramo. Limaphunzitsa kuti odi aliyense ndi wabodza. Mwanayu anachita ndendende zimene buku lolembedwa mwaluso linamuuza kuti ndi nzeru, pa tsiku limene makolo ake anamuuza kuti atseke chitseko. Ndinapempha kuti asamuweruze. Dolofe anadzutsa mutu n'kundiyang'ana.

Wapampando anafunsa ngati dzenjelo ndaliona tsopano kapena ndinaliona kale. Ndinayang'ana a Twaibu. Ndinati ndinaliona kale.

"Ndipo eni akewo munawauza?"

"Ndinawauza."

Basi, mawu ena onse amene ndinayankhula anapita ndi mphepo. Aliyense anatolapo chimene ankafuna. A mpingo anamva kuti a Twaibu anachenjezedwa n'kukana. A Mphepo anamva kuti ndawayalutsa. A Twaibu anamva kuti ndawagulitsa. Za luso palibe anamva. Mabukuwo anawotchedwa tsiku lomwelo m'dzenje la zinyalala, wapampando akuwatembenuza ndi ndodo kuti apse bwino ngati akuwotcha mbatata, ndipo ndinkaona ulusi umene ndinasokera uja ukufota. Sabata yotsatira a Mphepo anandilanda kiyi. Mabuku enawo anaikidwa m'makatoni, ndipo m'chipinda chimene ndinkapukuta ndi makandulo munalowa matumba a simenti ndi mawilibala. Makatani anga ndinakawaona pa zenera la mlonda. A Twaibu anawatumiza ku sukulu yakutali, ndipo ananyamuka osanditsanzika.

2014 mpaka 2023, Chileka

Anandibweza kuno ku Chileka, ku ukalaliki. Za zaka zimenezi ndilibe zambiri, ndipo m'makope anga masamba ambiri ali ndi deti yokha. Ndinkadinda makalata ndi kuphika tiyi wa alendo. Ahedi anasinthana, achinyamata amataye owala, amene ankandiuza kuti ana a masiku ano sawerenga chifukwa cha mafoni. Ndinkangoti inde bwana. Ndinkadziwa kuti amawerenga, ndinawaona ndi maso angawa akulimbirana buku mpaka kung'amba chikuto. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti pa anthu onse amene anakhala pansi pa mlambe uja, amene analiwerenga bukulo mpaka kumapeto tinali ine, Dolofe ndi mwini wake. Amene analiwotcha sanalitsegulepo. A Mphepo anakwezedwa pa ntchito. Dolofe anamaliza Fomu 4, ndipo titakumana pamsika wa Chileka tsiku lina anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinaopa kumufunsa za nthano yake ija. Kuyambira chaka cha moto chija sindinagulenso buku, ndipo amene ndinali nawo ndinagawa. Ndinkati ndikaligwira ndimamva fungo la selotepi yopsa. Yankho la funso lanu ndi limenelo.

Pa tsiku londitsanzika anandipatsa chitenje ndi beseni, ndipo woyankhula anati ndinali mayi wofatsa amene sanayambanepo ndi munthu. Mwina mukufunsa ngati ndimanong'oneza bondo. Ayi. Atandiimikanso lero ndinganene zomwezo, zabwino ndi zofooka pamodzi, chifukwa zonse zinali m'buku limodzi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti anthu akakufunsa za buku safuna kumva za bukulo, amafuna kudziwa kuti wakhala mbali iti ya mlambe.

2024

Ndinamva kwa achemwali anga kuti a Twaibu anapuma ntchito n'kubwerera ku Lirangwe, ndipo akukhala kuseri kwa golosale ija. Ndinasinkhasinkha miyezi. Kenaka Lachisanu lina ndinakazinga mtedza, n'kuuika m'kabotolo, n'kukwera minibasi. Ndinadzera pa sukulu. Mlambe ulipo, koma pa zenera langa anakhomapo lata. Mayi wa pa golosale anandilozera nyumba, nati madala alipo, angobwera kumene kuchokera kumzikiti.

Nsapato zawo zinali pakhomo. M'nyumba munkalira wailesi. Ndinaima pakhonde, ndinakumbukira momwe ankandiphunzitsira, ndipo ndinatulutsa mawu onse amene ndili nawo.

"Odi!"

Wailesi inatsitsidwa. Katani inagwedezeka pang'ono. Ndinabwereza, "Odi kuno, a Twaibu. Ndine Anabuku." Ndinamva mpando ukukhwekhwerezedwa, mapazi akuyandikira, kenaka kupuma kwa munthu woima kuseri kwa chitseko, pafupi moti pakanapanda thabwa tikanagwirana. Ndinadikira. Chitsekocho sichinali chokhoma, ndinkaona kampata kake. Koma ndinaleredwa monga analeredwera a Jailosi, ndipo sindikankha chitseko ndisanayankhidwe. Ndinati odi kachitatu, motsitsa, monga ndinkayankhulira kale. Kupuma kuja kunali pomwepo. Patapita nthawi mapazi anabwerera, ndipo wailesi inakwezedwa.

Ndinaika mtedza pafupi ndi nsapato zawo n'kubwerera kumsewu. Ndili m'minibasi, titadutsa kale pa Lunzu, mpamene ndinazindikira kuti mutu uja ndinawapempha, wa munthu weniweni woima pakhomo, a Twaibu anaulemba pomaliza pakhomo pawo paja, ndipo anaulemba bwino. Ndinkanena zoona, ana anga. Mutu umenewo ndiwo unali woopsa kuposa yonse.